Oyilo Wopuma wa Alamu Anga

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si wolemba nkhani. Ntchito yanga ndi yophunzitsa, ndipo zimene ndimalemba tsiku ndi tsiku zimathera pabolodi, n'kufufutidwa belu likalira. Aka n'koyamba kuti ndilembe chinthu choti anthu osandidziwa awerenge, choncho pamene ndapunthwa mundikhululukire. Za magalimoto nazonso sindizidziwa kwenikweni. Paliponse pamene ndatchula chitsulo kapena mafuta, ndinayamba ndafunsa kwa odziwa, ndipo pena ndinabwerera kukafunsanso. Komanso munthu amene ndikumulembayu ndi mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga, ndiye dzina lake sindilitchula. Achemwali anandilola. Anangoti, "Lemba, koma usawakometsere. Ulembe mmene alili." Zimene sindinaone ndi maso ndinazimva kwa eni akewo, pakuti alamu anga sabisa kanthu. Zinthu zoti wina angachite nazo manyazi, iwo amazisimba mokweza, chifuwa chili patsogolo.

M'dera lathu lonse amadziwika kuti a Chimodzimodzi. Dzinali analipeza ndi pakamwa pawo. Ukawauza kuti mafuta awa ndi a injini, awa ndi a giya, awa ndi a mabuleki, amakuyang'ana mwachisoni ngati munthu amene wapusitsidwa pamsika, n'kunena kuti, "Alamu, zonsezi n'chimodzimodzi. Chasiyana ndi botolo basi." Bawuti yaikulu ndi yaing'ono n'chimodzimodzi, bola hamala ilipo. Tayala latsopano ndi losalala ngati dazi n'chimodzimodzi, onse ndi ozungulira. Chodabwitsa n'chakuti nzeru imeneyi imathera pa galimoto. Tiyi wotenthetsa kawiri samwa. Malaya osasita savala. Pa zolowa m'mimba mwawo ndi zokhudza khungu lawo, alamu amasiyanitsa bwino kwambiri chatsopano ndi chakale.

Anayamba ntchito ali mnyamata, kukweza ndi kutsitsa katundu pa lole. Kuyendetsa anaphunzira pongoonerera, laisensi anaipeza pambuyo pake, ndipo kuyambira tsiku limenelo sananyamulenso thumba la munthu, ati msana wa dalaivala ndi wa mpando. Anayendetsapo galimoto ya kampani ina yogulitsa simenti, kenako ya sukulu ina, kenako ya mkulu wina wamalonda. Konseko anachotsedwa, ndipo konseko, malinga ndi iwo, kunali nsanje. Kwa asimenti injini inafa chifukwa cha misewu. Kusukulu, ahedi sankadziwa za galimoto. Kwa wamalonda, mkazi wa bwana ankangodana nawo. Galimoto iliyonse inafera m'manja mwawo, koma iwo m'nkhani zonsezo amatulukamo oyera mbee.

Achemwali anga amaweta nkhuku zoikira mazira. Anayamba ndi kakhola kuseri kwa nyumba, pano ali ndi makola aatali, ndipo mazira awo amapita kumagolosale ndi kubekale ina yaikulu ya m'tauni. Bambo athu atamwalira anawasiyira kagalimoto koyera kotseka kumbuyo, kaja konyamulira katundu. Galimotoyo ndi ya achemwali. Koma poti iwo sayendetsa, ndipo m'nyumba munali dalaivala wongokhala, makiyi anapita kwa alamu.

Makiyi amenewo ndiwo anali ulemu wawo wonse. Anawapachika m'chiuno, mbali ya kumanja, pa kandowe kachitsulo, kuti akamayenda azilira. Pakhonde la golosale ya pakona, pomwe abambo osowa chochita amathera masana, anthu ankamva makiyi asanaone mwini wake. "Afika adalaivala, apatseni mpando." Iwo n'kukhala, mwendo pamwamba pa unzake, n'kuyamba kuweruza galimoto iliyonse yodutsa: iyi mapulagi atha, iyo woyendetsa ndi wophunzira kumene. Pakhonde paja mwamuna wodyera mkazi wake sapatsidwa mpando, koma wa makiyi amapatsidwa. Alamu ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo pogona makiyiwo ankawaika kunsi kwa pilo.

Kunena chilungamo, ndipo ndikufuna kunena chilungamo, galimoto ankaitsuka. M'mawa uliwonse ndowa, sopo, kansanza. Matayala ankawapaka polishi wa nsapato mpaka kunyezimira. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere zake zinali m'kachipinda ka kuseri, koyandikana ndi mosungira chakudya cha nkhuku, komwe iwo ankakutcha kuti kugalaja.

M'kachipindamo munali mashelefu a matabwa, ndipo pamashelefupo panadzaza mabotolo ndi zigubu zamitundumitundu: za mafuta ophikira, za zakumwa, za mankhwala a nkhuku. Palibe chimene chinalembedwa dzina. M'zonsemo munali zamadzimadzi, zina zakuda, zina zofiirira, zina zoti mtundu wake sungautchule. Pansi panali beseni la palafini momwe ankaviikamo masefa akale a oyilo, n'kuwayanika padzuwa ngati makabudula, kenako n'kuwabwezera mu injini. Mapulagi ankawapala ndi sandipepa. Rediyeta itayamba kudontha, anaswera mazira awiri m'kati mwake kuti akapsa atseke bowo, ndipo kwa mlungu wathunthu galimoto inkanunkha ngati khitchini. Pakona ya kachipindako panaima firiji yakufa, yokhala ndi loko.

Koma chiphunzitso chawo chachikulu chinali cha oyilo. Odziwa anandiuza kuti oyilo wa injini akayenda mtunda wake amatha mphamvu, amadzaza mwaye ndi tizitsulo, ndipo ayenera kukhetsedwa kuti pathiridwe watsopano. Alamu ankati limenelo ndi bodza la ogulitsa.

"Oyilo satha, alamu," ankandiuza choncho. "Oyilo amatopa. Inuyo mukatopa kusukulu kwanuko amakutayani? Si mumangogona, mawa n'kudzuka muli gwa?"

Ndiye anali ndi oyilo wa magulu awiri, wogwira ntchito ndi wopuma. Wa mu injini akada kwambiri ankamukhetsera m'chigubu n'kumuika pashelefu kuti apume, ndipo amene anapuma kale ankabwerera pantchito. Pothira wopumayo ankapendeketsa chigubu pang'onopang'ono kuti matope apansi asadzuke. Nthawi zina ankamusefa ndi sokosi. Oyilo yemweyo anazungulira choncho zaka ndi zaka ngati alonda osinthana pageti, ndipo akachepa alamu ankapempha wina kwa anthu amene asintha wawo. Ine ndemwe, ndikamapita ndi kagalimoto kanga ku sevisi, ankandithamangira ndi chigubu. "Wakaleyo musamusiye kumeneko, mundibweretsere. Akadali mwana ameneyo."

Kanyale kofiira ka padashibodi, kaja kamachenjeza za oyilo, kanayaka mpaka kutopa. Anakamata ndi tepi yakuda, ati kamawasokoneza maso.

Chenjezo linabwera m'nyengo yotentha. Lamba wa injini, uja amazunguza pampu ya madzi, anali atalira kwa milungu ngati kamwana kagalu. Alamu ankamupaka sopo kuti akhale chete. Tsiku lina anaduka pakati pa msewu, injini inawira, ndipo mazira a kubekale anakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, alamu ali kalikiliki kumangirira chingwe choyanikira zovala m'malo mwa lamba. Mayi wa bekale anaimbira foni achemwali. Sanakalipe. Anangoti uvuni sudikira munthu, ndipo oweta nkhuku ndi ambiri.

Madzulo ake achemwali anawapeza alamu akusamba m'manja pampopi.

"Abambo, mundimvere bwino, chifukwa sindibwereza."

"Ndi malamba a masiku ano, mayi. Akale aja..."

"Lamba wa masiku ano mwamuona kuti inu? Amene wadukayu anamuika ndi malemu bambo anga."

"Ndiye mukuona mmene analimbira."

"Galimoto iyi ikadzaimanso panjira chifukwa cha manja anu, makiyi mudzandipatsa. Ndidzalemba dalaivala. Inu muzidzatola mazira m'khola."

Dzanja la alamu linathamangira m'chiuno, thovu la sopo lili lonse.

"Dalaivala wina? Pakhomo panga?"

"Pagalimoto yanga. Ndipo kuyambira lero zitsulo ndizigula ndekha. Inu yanu ndi yongoika."

Achemwali si munthu wobweza mawu. Anayamba kupita okha kusitolo ya zipangizo za magalimoto, kufunsa zimene zimasinthidwa ndi nthawi yake, n'kubwera nazo zili m'makatoni ake: lamba, sefa ya oyilo, sefa ya mpweya, mapulagi, mapadi a mabuleki, waya wa handibuleki, chigubu cha oyilo chosatsegula, botolo la mafuta a mabuleki. Alamu ankalandira ndi manja awiri. Likafika Loweruka ankatsegula boneti, kuyala katoni pansi, kulowa kunsi kwa galimoto, n'kumagogoda ndi sipanala mwamphamvu kuti phokoso limveke mpaka kukhola. Akatuluka ali bii, ankati, "Zatheka, mayi." Achemwali, poona mafuta m'manja ndi thukuta pamphumi, ankakhulupirira, n'kuwatenthetsera madzi osamba.

Lamba yekha ndiye anamuikadi, poti wakaleyo anali ataduka moti sakanalumikizika. Zina zonse zinkalowa mufiriji.

Pano ndiyenera kusamala kuti ndisawanamizire. Alamu sankagulitsa zinthuzo. Si akuba. Nthenda yawo ndi ina, ndipo kwa ine ndi yonyansa kuposa kuba, chifukwa wakuba amadziwa kuti akulakwa. Iwo akagwira chitsulo chatsopano, chonyezimira, chili m'pepala lake, mtima sunkawalola kuchidetsa. Chakale chikadali ndi moyo, chatsopano chilowerenji? Ankachitembenuza, kuchinunkhiza, kuchiika pashelefu ya mufiriji, n'kutseka loko, akudzimva kuti ndiwo okha anzeru m'banja la anthu osakaza. Ankasungira tsiku la mavuto.

M'mawa wina akuchokera kosiya mazira anamva buleki ikulowa pansi kuposa masiku onse, yofewa ngati aponda siponji. Atafika kunyumba anatsegula boneti n'kuyang'ana kamtsuko kapulasitiki kosungira mafuta a mabuleki. Mafuta anali atatsika, kutsala pang'ono kuti kaume. Odziwa amati zikatero ndiye kuti mapadi adyeka kapena penapake pakudontha, ndipo munthu ayenera kufufuza. Alamu sanafufuze. Kwa iwo kamtsuko kakachepa kadzazidwe, nkhani yatha.

Analowa kugalaja kwawo, kutsegula firiji, n'kutenga botolo lija anagula achemwali. Linali lisanatsegulidwe, kapepala kasiliva kali pakamwa pake. Anaika chikhadabo pakapepalako, koma dzanja linakana. Botolo lathunthu, alitsegule chifukwa cha kamtsuko kochepa ngati kapu ya tiyi? Ndiponso anamvapo kuti mafuta amenewa ukangowatsegula amayamba kuyamwa chinyezi n'kuwonongeka. Chimenecho n'choona, ndinafunsa. Chinthu chimodzi choona chimene ankadziwa ndicho anachigwiritsa ntchito podziletsa kuchita chanzeru. Botolo analibwezera pamalo pake.

Maso awo anagwera pa chigubu cha oyilo amene anali atagona nthawi yaitali kuposa anzake. Pamwamba pake panali patayera pang'ono, ngati tiyi wopanda mkaka. Anaviika chala n'kupekesa. Woterera. Nanga mafuta a mabuleki si oterera? Buleki imangofuna chinthu choti chikankhe, basi. Anatenga botolo lodula pakati kuti likhale fanulo, n'kuthira mosamala, osataya ngakhale kadontho, mpaka pamzere wa pamwamba. Kamtsuko anakapukuta mpaka kuwala. Kenako anakhala pampando n'kupopa buleki mobwerezabwereza, ndipo inaoneka ngati yalimba.

Masana amenewo pakhonde la golosale analalikira.

"Anthu mumasakaza. Kanthu kakang'ono, mwathamangira kusitolo. Ine galimoto yanga ndimaidziwa ngati mkazi wanga."

"Ndiye kuti simuidziwa," anayankha motero telala wina amene amasokera pakhonde lomwelo.

Anthu anaseka, alamu nawonso anaseka, makiyi akulira m'chiuno.

Chimene sankadziwa, chomwe inenso ndachidziwa posachedwapa, n'chakuti m'kati mwa mabuleki muli timalabala tating'ono timene timagwira mafuta kuti asathawe. Timalabala timeneti tinapangidwa kuti tizikhala m'mafuta a mabuleki okha. Tikakumana ndi oyilo wa injini timamwa, timatupa, timafewa, kenako timang'ambika. Sizichitika tsiku lomwelo. Oyilo amatsika m'mapaipi pang'onopang'ono, osapupuluma. Masiku otsatira galimoto inayamba kulemera ngati ikukoka ngolo, ndipo kumatayala akutsogolo kunkachokera fungo la chopserera. Alamu anati ndi petulo wa masiku ano.

Tsiku la tsokalo achemwali anakwera nawo. Mayi wa bekale anali atawaitana kuti akakambirane zowonjezera mazira, poti ankatsegula nthambi ina. Achemwali anavala bwino, nsapato zazitali, n'kukhala kutsogolo, kachikwama kali pamiyendo. Kumbuyo mathireyi a mazira anasanjikizana mpaka kudenga.

"Chikununkha n'chiyani, abambo?"

"Ndi kunjaku. Akuwotcha zinyalala."

"Zinyalalazo zikutitsata kuchokera kunyumba?"

"Mayi, inu dziwani za nkhuku. Za galimoto mundisiyire ine."

Bekale ija ili kumunsi kwa kamsewu kotsetsereka, ndipo kumapeto kwake kuli geti lachitsulo ndi mpanda wa njerwa. Alamu anakhota mwaulemu wake, dzanja limodzi pachiwongolero, chigongono pawindo. Atayamba kutsika anaponda buleki. Phazi linapita mpaka pansi osakumana ndi kanthu. Anapopa. Palibe. Anapopanso, msana utachoka pampando.

"Nanga mukuvina chiyani?"

"Palibe, mayi."

"Chepetsani liwiro, geti ndi lotseka."

"Ndikuliona."

"Imani, abambo! Imani!"

Anakoka handibuleki. Chogwirira chinakwera mpaka m'mwamba mopepuka, poti waya wake anaduka kalekale ndipo analumikizidwa ndi kawaya kopachikira zovala. Watsopano anali mufiriji, m'pepala lake. Zobweza giya anazikumbukira mochedwa. Chimene anakwanitsa ndi kuliza hutala.

Galimoto sinkathamanga kwambiri, ndipo ndimathokoza Mulungu pa chimenecho, chifukwa mlonda wa pageti anapeza mpata wodumphira m'maluwa. Inagunda geti, geti linapindika, iyo n'kukaima pachipilala. Achemwali anamenyetsa chipumi padashibodi. Kumbuyo kunamveka phokoso limene woweta nkhuku aliyense amaliopa kuposa bingu, kenako zii. Kenako mazira anayamba kutuluka kunsi kwa chitseko chakumbuyo, kuyenderera pasimenti kulowera kubekale, ngati aganiza zomaliza okha ulendo.

Ogwira ntchito anatuluka ndi maepuloni awo oyera. Mayi wa bekale nayenso anatuluka, anayang'ana geti, anayang'ana mtsinje wachikasu uja, n'kupita kukatsegula chitseko cha achemwali. "Mwapweteka, amayi? Bwerani mukhale m'kati." Mayiyo sanawalabadire alamu. Iwo anali atatsika kale, akuzungulira galimoto, akuuza aliyense kuti msewu umenewu anaumanga molakwika.

Makaniko amene anabwera kudzakoka galimoto ndi bambo wina wojintcha, wapakamwa, amene alamu anakhala akumunyoza kwa zaka kuti si mmisiri koma wongosintha zitsulo. Anatsegula boneti, kumasula chivundikiro cha kamtsuko, ndipo kalabala kake kanatuluka katatupa ngati mtanda wa buledi. Anaviika chala, kununkhiza, n'kuseka mpaka kugwira mawondo.

"A Chimodzimodzi! Uyu ndi wogwira ntchito kapena wopuma?"

"Ndi malabala a masiku ano," anatero alamu. "Osalimba."

"Amayi, amuna anuwa athira oyilo wa injini m'mabuleki. Apa chilichonse cha labala chimene oyiloyu wakhudza n'chotaya." Anagwada, n'kusuzumira kuseri kwa tayala. "Ndipo mapadi awa, taonani, chitsulo chokhachokha. Anasinthidwa liti?"

Achemwali anali ataima pakhomo la bekale, kansalu konyowa kali pachipumi.

"Mwezi watha. Ndinagula ndekha."

"Ndiye munagulira galimoto ina, amayi."

Kunyumba anabwerera pa galimoto ya makanikoyo. Achemwali anandiimbira ndili kusukulu, ndipo ndinawapeza atangofika kumene, choncho zotsatirazi ndinaziona ndekha. Achemwali sanalowe m'nyumba, sanavule ngakhale nsapato. Analunjika kuseri.

"Tsegulani firiji."

"Muli zida zanga, mayi, mudetsa zovala."

"Zadetsedwa kale. Tsegulani."

Loko atatseguka, zonse zinali momwemo, zosanjidwa bwino kuposa m'sitolo. Masefa pashelefu ya pamwamba, mapadi pakati, chigubu cha oyilo watsopano pansi, waya wa handibuleki atapindidwa m'kabati ya masamba, mapulagi ataimikidwa m'timabowo toikamo mazira. Pachitseko, pamalo a mkaka, panali botolo la mafuta a mabuleki, kapepala kasiliva kali chimatire.

Achemwali analitenga n'kulitembenuza m'manja. Mawu awo anali otsika.

"Maloweruka onse aja mumagogoda chiyani kunsi kwa galimoto?"

"Ndimaona ngati zonse zili bwino."

"Izi mumasungira chiyani?"

"Tsiku la mavuto, mayi. Munthu sadziwa za mawa."

"Tsiku la mavuto linali lero, abambo. Simunalione? Linali ndi geti."

Alamu anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu ndinu ophunzira, tawauzani. Kusunga n'kulakwa? Taonani, palibe chimene chatayika. Zonse zilipo, zatsopanotsopano."

Ankanena mochokera pansi pa mtima. Mkazi wawo ataima pamenepo ndi chotupa pachipumi, mazira a makola onse ali pasimenti ya eni, iwo ankayembekezera kuti wina awayamikira. Achemwali anatambasula dzanja.

"Makiyi."

"Mayi, anthu adzati chiyani?"

"Adzati dalaivala uyu ndi dalaivala uyo n'chimodzimodzi. Si mwawaphunzitsa nokha?"

Anachedwa kumasula kandowe kaja, ngati zala zaiwala ntchito yake. Achemwali anachotsapo kiyi wa galimoto ndi wa chitseko chakumbuyo, n'kuwabwezera kakiyi ka firiji. "Aka n'kanu. Koma muyambe mwatulutsa zonsezi, zipite kwa makaniko."

Bekale sinawataye achemwali, koma zowonjezera mazira zija zinapita kwa woweta wina. Geti analikonzetsa. Galimoto inatuluka kugalaja yeniyeni, ndipo pano amaiyendetsa mayi wina wamfupi amene kale ankayendetsa ambulansi. M'mawa wake woyamba anamatula tepi yakuda ija padashibodi n'kukaimata pachitseko cha firiji. Alamu amatola mazira m'khola. Kunena zoona, amaswa ochepa.

Ndikanakonda kulemba kuti anasintha, koma ndinalonjeza kusawakometsera. Masana amapitabe kukhonde la golosale, ndipo m'chiuno mukulirabe makiyi: a firiji, a sutikesi yakale, a njinga imene inabedwa, ndi ena ongotola. Mpando sawapatsanso, amakhala pa kereti. Nkhani ya geti amaisimba okha, ndipo m'kusimba kwawo ndiwo anapulumutsa moyo wa mlonda ndi hutala. Mashelefu aja sanawakhudze. Oyilo akupumabe.

Mlungu watha anaona kagalimoto kanga katatsukidwa, n'kudziwa kuti kachokera ku sevisi. Anandikokera pambali, kuseri kwa khola.

"Alamu, wakale uja mwabwera naye?"

"Mumuthira muti, poti galimoto mulibe?"

"Aaa, za mawa sizidziwika. Achemwali anuwa mtima wawo ndi wabwino, adzandibwezera makiyi. Tsiku limenelo oyilo adzakhale atapuma mokwanira."

Chigubu chinali m'buti, poti makaniko anazolowera kundiikira. Ndinangoti zimenezo tikambirana, ndipo mawa lake ndinachibweza kugalaja ya makaniko, komwe amathira oyilo wakutha mumgolo. Koma yankho lozembazemba lija silinandikhalire bwino. Ndatsimikiza kuti akadzafunsanso ndidzawauza poyera kuti ayi, ndipo chifukwa chake ndidzachinena, kaya tili awiri kaya ndi pakhonde la golosale, ulamu usandimange pakamwa. Ndiponso chitsulo chilichonse chikamasinthidwa pa galimoto yanga kapena ya achemwali, ndiziima pomwepo mpaka chatsopano chilowe, ndipo chakalecho ndizichiperekeza ndekha kumgolo wa zinyalala, chisadzapezeke chikupuma pashelefu ya munthu.